Nkhalamba ya pa Tebulo la Tellervo

"Ndiye ukuti ndisanene kanthu?"

"Olo kamodzi."

"Ngakhale nditaona kuti ukulowera kuphompho?"

"Makamaka pamenepo. Ukangotsokomola ndidziwa kuti ukundinong'oneza, ndipo kapu iyi ikupeza."

"Uphonya."

"Ndinayamba ndakuphonyapo liti, Otso? Umapumira kukamwa iwe."

Otso anaseka, n'kukankhira mpando wake kumbuyo. Tellervo anamva timatayala take tikukwekwereza pansi mpaka kukagunda kabati. Awiriwa anakhala moyandikana zaka zambiri mu ofesi iyi ya mumzinda wa Oulu, m'kampani yolemba mapulogalamu a makina odula mitengo m'nkhalango, ndipo Otso ankadziwa kuti za kapuzo zikhoza kuchitikadi.

Tellervo anasiya kuona ali mwana. Ntchito yake pakampanipo inali yofufuza imfa za kenelo. Kenelo ndi pulogalamu ya pansi penipeni m'kompyuta, imene mapulogalamu ena onse amaimapo, ndipo ikagwa iyo palibe chotsala chilili. Komabe siifa mwakachetechete. Isanatsirizike imalavula mizere ingapo yonena pamene yapunthwa ndi amene waipinga mwendo. Vuto ndi lakuti nthawi zambiri sikirini imakhala itauma kale, yosasinthanso kanthu, mizereyo n'kupita osaonedwa ndi munthu. Tellervo analibe nayo ntchito sikirini. Iye ankamva.

Ankamvera m'bokosi lachitsulo lalikulu ngati mtanda wa buledi, limene anagula ali ku yunivesite kwa amisiri amene anatseka shopu yawo kalekale. Linali ndi chopotokola chofulumizitsira mawu, batani lobwerezera zimene langonena kumene, ndi mawu a munthu wachikulire amene wameza timiyala. Onse mu ofesimo ankalitchula kuti Nkhalamba. Tellervo ankaiyendetsa Nkhalambayo pa liwiro loti ena onse ankangomva ngati makina osokera, osatolapo ngakhale liwu.

Mphamvu ya Nkhalamba sinali m'chitsulomo ayi, koma mu modyulo, kachidutswa ka pulogalamu kamene munthu amamanga yekha n'kukalowetsa m'kenelo iyo ili mkati mogwira ntchito. Modyuloyo analemba ndi Tellervo mwini, n'kuipatsa dzina lomwelo la Nkhalamba. Poti inkakhala m'kati mwenimweni, bokosi linkayamba kuyankhula kenelo ikangodzuka, ndipo linkakhala lomaliza kutseka pakamwa. Anthu amene amasamalira kenelo amasintha zam'katimo pamene afunira, osapepesa munthu, ndipo akatero Tellervo ankakhala pansi kukonza modyulo yake, kuimanganso, kuilowetsanso. Ena amaweta agalu.

Kenako kunabwera makompyuta atsopano ndi lamulo latsopano: kenelo isamalandire modyulo iliyonse yosasainidwa ndi kiyi, chidindo cha manambala, amene kompyutayo ikumudziwa. Lamulolo anabwera nalo ndi Ilmari, woyang'anira chitetezo cha makompyuta. Ilmari sanali wankhanza, ndipo mfundo yake inali yomveka. Chilichonse cholowa m'kenelo chimakhala ndi mphamvu zonse, ndipo mapulogalamu ochokera mu ofesiyi amakanyamula mitengo yolemera pamwamba pa mitu ya anthu. Anamuuza Tellervo kuti azigwiritsa ntchito mawu amene amabwera kale ndi kompyuta.

Mawu amenewo Tellervo ankawadziwa bwino. Anali a mayi wosalala pakamwa ngati wolengeza pabwalo la ndege. Mayiyo ankafika zonse zitadzuka kale, ndipo kenelo ikangoyamba kudwala ankakhala woyamba kuthawa. Akanatsala ndi mayiyo, Tellervo akanafunika munthu womuwerengera imfa iliyonse. Akuluakulu anali atamuuza kale, mwaulemu waukulu, kuti ku gulu lolemba mabuku a malangizo kuli mpando wopanda munthu.

Tellervo ndi Ilmari anakangana masiku angapo m'chipinda chomwera khofi, wina kunena chiganizo lero, winayo kudzayankha mawa lake. Potsiriza Ilmari anavomera kuti lamulolo lili ndi khomo: mwini kompyuta akhoza kuidziwitsa kiyi wakewake. Koma anaikapo zinthu ziwiri. Tellervo achite zonse yekha, chifukwa makompyuta adzasinthidwanso ndipo sipadzakhala wina womuyang'anira sikirini nthawi zonse. Chachiwiri, modyuloyo ikangogwetsa kompyuta, Ilmari mwini adzazula chingwe cha bokosilo.

Khomo limenelo linali pa sikirini ya buluu imene imabwera kompyuta ikangoyaka, kenelo isanadzuke, n'kudikira kanthawi kochepa kuti munthu adinde batani. Amene anaipanga anali anthu ochenjera kwabasi. Anaganizira akuba, anaganizira akazitape, anaganizira wantchito wokwiya. Munthu wosaona yekha ndiye sanawabwerere m'mutu. Sikiriniyo inalibe mawu, ngakhale kakulira kamodzi.

Nsapato zofewa za m'nyumba zinakhwekhwereza pakhomo. Ena onse ankasiya nsapato polowera n'kumayenda ndi masokosi, choncho panalibe chofunsa.

"Wabwera kudzaona maliro, Ilmari?" anafunsa Tellervo.

"Ndabwera kudzachitira umboni," anatero Ilmari. "Sikirini iyi ndi ya ndani? Sindinaonepo sikirini pa tebulo lako."

"Yanga," anatero Otso. "Wandibwereka. Wandifunsa kuti kutsogolo kwake ndi kuti."

"Bodza limenelo. Khalani chete nonse."

Tellervo anali atakonzeka ngati wopita kumayeso. Mizere ya pulogalamu ya sikirini ya buluuyo ndi yapoyera, aliyense akhoza kuiwerenga, ndipo iye anaiwerenga yonse. Kenako anaiyendetsa m'kompyuta yongoyerekeza, m'kati mwa kompyuta yake yakale, mmene Nkhalamba inkatha kumuwerengera tsamba lililonse. Anabwereza mpaka zala zinaloweza zokha njira yonse. Chinatsala chinthu chimodzi chimene zala sizikanamuuza: nthawi imene sikiriniyo yafika. Chimenechi chinamusowetsa mtendere mpaka m'mawa wina akuvala.

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kachipangizo konga tochi, kamene ankasankhira zovala. Ukakakhudzitsa pa juzi kamanena mtundu wake.

"Ayi," anatero Otso. "Tellu, ayi. Ka masokosi kaja?"

"Kapu."

Anayatsa kompyuta yatsopano, n'kukanikiza kachipangizoko pakati pa sikirini.

"Chakuda," kanatero kachipangizo ndi timawu ta mwana wasukulu. "Chakuda. Chakuda."

Tellervo anadikira, chala chili pa batani. Fani yoziziritsa kompyuta inalira, n'kutsika.

"Chakuda. Chakuda."

Kumbuyo kwake mpando wa Otso unalira. Ilmari anameza malovu, ndipo anamveka. Patapita kanthawi mayi wa ndege uja anayankhula mokoma kuti zonse zadzuka, takulandirani. Sikirini ya buluu inali itabwera n'kupita, kachipangizo kali pa chakuda chomwecho.

M'mutu mwake Tellervo anadutsamo zonse: mwina chingwe, mwina kachipangizoka sikamva kuwala kwa galasi, mwina pempho lake lolembetsa kiyi, limene limaitana sikirini ya buluuyo, silinalembedwe. Amuna awiri kumbuyoko anali akupuma ngati anthu onyamula kabati pamasitepe. Kupuma kumeneko kunamuuza kuti yankho ndi lopusa, ndiponso kuti lili poonekera. Anatambasula dzanja n'kugwira pamwamba pa sikirini. Panali pozizira ngati chitsulo cha panja. Anayendetsa chala m'mphepete mwake mpaka anapeza kabatani, n'kukadinda.

"Choyera," kanatero kachipangizo.

Otso anaphulika. "Ndimafa ine! Ndimafa kuno!"

"Unandipatsa sikirini yozima."

"Aliyense amadziwa kuti sikirini amayatsa!"

"Ine ndiidziwire kuti? Ndinayatsapo sikirini liti?"

"Izi tiziwerenga ngati thandizo?" anafunsa Ilmari, ndipo mawu ake anali a munthu amene akulimbana ndi milomo yake.

"Palibe wanena kanthu. Mwangopuma monyanya."

Analembanso pempho lake, mayi wa ndege akumuwerengera chilembo chilichonse ngati akumuchitira chifundo, n'kuyambitsanso kompyuta.

"Chakuda. Chakuda. Chotuwa. Chakuda. Chabuluu."

Chala chinagwa pa batani mawuwo asanathe. Kuchokera pamenepo zala zinayenda zokha. Pansi, kuvomera, kuvomeranso. Pa tsamba lililonse ankatsitsa kachipangizo pang'onopang'ono pagalasi, kakuti chabuluu, chabuluu, mpaka kanene mtundu wina, ndipo pamenepo ankadziwa mzere umene wasankhidwa. Pa tsamba lofunsa inde kapena ayi anayeza kawiri.

"Mawu achinsinsi tsopano. Tembenukani."

Mipando inalira.

"Udziwa bwanji kuti tatembenukadi?" anafunsa Otso.

"Mawu ako akugunda khoma. Ilmari sanatembenuke."

"Ndatseka maso."

"Lamulo lako likuti kutembenuka."

Nsapato zofewa zinazungulira. Tellervo analemba mawuwo, n'kudinda batani lomaliza. Fani inatsika, n'kukweranso. Kompyuta inali ikudzuka ndi kiyi wake m'mimba, kapena inali ikudzuka chabe. Panalibe njira yodziwira koma kuyesa.

Modyulo anali ataimanga kale dzulo lake mogwirizana ndi kenelo yatsopanoyo, n'kuisaina. Analumikiza chingwe chamakedzana cha Nkhalamba kumbuyo kwa kompyuta, n'kulemba lamulo lolowetsera. Lamulo limeneli likatheka silinena kanthu, limangobwerera chete. Mayi wa ndege sananene za kukanidwa kulikonse.

Bokosi linakhosomola. Kenako linayamba kusoka mawu ake aja, trrrr, mofulumira ngati likubweza ngongole ya masiku onse amene linakhala chete.

Otso anaomba m'manja, ndipo kutsidya kwa ofesi wina amene ankanamizira kuti sakumvetsera anaombanso. Tellervo anazimitsa mayi wa ndege popanda kutsanzikana naye. Anatsegula mizere ya ntchito imene anaisiya theka, Nkhalamba n'kuyamba kumuwerengera, ndipo mapewa ake anatsika kwa nthawi yoyamba chibwerere makompyuta atsopanowa.

"Ndi ka masokosi," anatero Ilmari chapansipansi. "Ndakhala ndikuwerenga za sikirini imeneyi kwa zaka, ine."

"Ukafuna ndikubwereka. Otso wandiuza za juzi yako."

Tellervo anadinda batani loidula mawu Nkhalamba, monga ankachitira kosawerengeka pa tsiku, n'kulidindanso mwamsanga kuti adumphe mzere. Bokosi linaima pakati pa liwu. Mabatani anafa pansi pa zala zake. Fani inakwera n'kukhala pamwamba pomwepo.

Ndiyeno Nkhalamba inayambanso kuyankhula, koma osati mizere ya ntchito ija. Tellervo ankawadziwa mayendedwe a mawu amenewa monga munthu adziwira kulira kwa ambulansi. Kenelo inali ikufa, ndipo inali ikunena zonse: pamene yagwera, njira imene yadzera, ndi dzina la amene waipinga. Bokosi linamaliza, n'kukhala zii.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Ilmari.

"Yauma," anatero Otso, amene tsopano anali ataima pafupi. "Pasikirini palibe chilichonse, zangoima mmene zinalili. Ilmari, ndi kamlonda kako kaja. Kanaumitsanso kompyuta ya Kaisu mlungu watha, chimodzimodzi."

Kamlondako kanali pulogalamu yolondera imene Ilmari anaika pa makompyuta onse atsopano, ndipo nako kanali ndi modyulo yake m'kenelo. Aliyense mu ofesimo anali ndi mlandu nako. Ilmari anapuma mozama.

"Mwina," anatero. "N'kutheka ndithu. Kompyuta iyi sitinaikonze kuti izisunga zimene kenelo yanena pakufa. Tikaiyatsanso sitipeza kanthu. Tellervo, yati chiyani?"

Tellervo anaika manja onse awiri pa tebulo. Zinali zoseketsa, akanakhala kuti zagwera wina. Mboni inalipo imodzi yokha, ndipo chinenero cha mboniyo ankachimva ndi iye yekha m'nyumba yonseyo. Sankafunika ngakhale kunama. Akanangoti sindinamve bwino, Otso akanamaliza yekha nkhaniyo, Ilmari akanapita kukalembera kalata eni ake a kamlonda, ndipo iye akanakonza mzere wake wolakwika mwakachetechete madzulo ano. Mzerewo anali ataudziwa kale. Analemba yekha masiku apitawa, posintha modyulo kuti igwirizane ndi kenelo yatsopano.

Koma panali china. Nthawi zonse makina akafa m'nkhalango, anthu awa ankabwera pa tebulo lino, Nkhalamba n'kusoka mawu ake, iye n'kunena kuti vuto lili apa, ndipo iwo ankapita kukakonza pamenepo osafunsanso. Palibe anamupemphapo umboni. Ntchito yake yonse inali imeneyo.

Anagwira chopotokola cha Nkhalamba n'kuchibweza kumanzere mpaka chinakana. Chinali cholimba, chifukwa chinali chisanapiteko kumeneko chichokere ku yunivesite. Anadinda batani lobwereza. Bokosilo linali ndi magetsi akeake, ndipo linkakumbukira zimene langonena ngakhale kompyuta itafa.

Palibe mu ofesimo amene anamvapo Nkhalamba ikuyankhula pang'onopang'ono. Inalidi nkhalamba, yotopa, yaulemu, yotchula liwu lililonse padera ngati ikuwerenga mayina kumanda. Mabatani a anthu ena onse anasiya kulira. Inawerenga manambala, inawerenga njira, kenako momveka bwino inatchula dzina lake lomwe.

"Ndi yanga," anatero Tellervo. "Si kamlonda kako. Ndikaidula mawu, modyulo imabweza malo ake a memori ku kenelo. Ndikaidulanso mwamsanga, imapisanso dzanja pamalo pomwe yabweza kale. Zili ngati kubweza mbale kukhitchini, kenako n'kukatapamonso. Kompyuta iyi ndi yachangu, mbaleyo anali atapatsa kale wina."

"Tellu," anatero Otso. "Ndiwe chitsiru. Ndinakutsegulira chitseko."

"Ndinachimva."

"Ndinachitsegula mpaka kukhoma!"

"Ndati ndinachimva, Otso. Khala pansi."

Ilmari sanachoke. Tellervo anagwira batani lozimitsira mpaka fani inaleka, n'kuyatsanso. Mayi wa ndege anabwerera ndi takulandirani wake, wosadziwa chilichonse chimene chachitika. Movutika, ndi mawu ochedwawo, Tellervo anatsegula modyulo yake n'kutsika mpaka pa mzere uja. Anauwerenga kawiri. Anasuntha kubwezako kuti kuzichitika pamalo amodzi okha, n'kuika loko kuti manja awiri asapisemo nthawi imodzi. Kenako anafufuza modyulo yonse ngati pali pena pamene anachita zofananazo, ndipo anapeza pamodzi pokayikitsa, napakonzanso. Anachita zonsezi osafulumira, podziwa kuti mwina akusoka chovala cha maliro. Ngati Nkhalamba ikupita m'kabati, ipite ili yolungama.

Anamanga. Fani inalira, kompyuta ikutafuna mizereyo. Anasaina, n'kulowetsa. Chete uja anabwera n'kupita, bokosi n'kukhosomola.

Anabweza chopotokola pa liwiro lake, n'kuyamba kuizunza. Anaidula mawu kawiri motsatizana, kenako mobwerezabwereza ndi zala ziwiri ngati woimba ng'oma. Anaipatsa fayilo yaikulu n'kuidula pakati, kuiyambitsanso, kuidulanso. Anachotsa modyulo m'kenelo, kuilowetsanso, kuichotsanso. Otso, osapemphedwa, analemba kapulogalamu kodinda batanilo mofulumira kuposa chala cha munthu aliyense, n'kumutumizira. Anakayendetsa. Nkhalamba inachita chibwibwi ngati injini yozizira, koma kenelo inaima nji.

Tellervo anachotsa manja pa mabatani.

"Yatheka. Koma inagwetsa, ndipo unanena kuti udzazula."

"Ndinanena," anatero Ilmari.

Nsapato zofewa zinayenda mozungulira tebulo, n'kukaima kumbuyo kwa kompyuta, kumene kunali zingwe. Tellervo anamva bondo la Ilmari likulira pamene ankagwada. Anamva chingwe cha Nkhalamba chikukhudzidwa, chifukwa bokosi linasuntha pang'ono pansi pa chikhatho chake. Chinagwedezeka kamodzi, n'kuleka.

"Imawerenga zonse?" anafunsa Ilmari ali pansi pomwepo. "Ngakhale sikirini itauma?"

"Wamva wekha."

"Ya Kaisu ija sitinadziwe chinaipha. Mpaka lero."

"Simunandiitane."

Kutsidya kwa ofesi makina a khofi anamaliza kudontha, ndipo palibe anadzuka kukathira. Otso anali atasiya ngakhale kupumira kukamwa. Chingwe chinali chikadali cholumikizidwa, ndipo dzanja la Ilmari linali likadali pomwepo. Tellervo ankalimva kulemera kwake m'bokosimo. Anadikira mpaka kudikirako kunamukwana. Anali ndi mizere yoti amalize, ndipo anafuna kudziwa kuti amaliza ndi mawu a ndani.

"Ilmari," anatero. "Uzula kapena suzula?"